Mpendadzuwa pa Chitseko cha Vaneti

Kuseri kwa nyumba yathu ku Kanakantapa kuli vaneti yoyera imene inasiya kuyenda ndili kupulayimale. Matayala anachotsa, n'kuikhazika pa njerwa, ndipo nkhuku zinazolowera kuikira mazira pansi pa mpando wa dalaivala. Ndi imene inabweretsa atate ndi amayi kuchokera ku Katete ndisanabadwe, ndipo pambuyo pake inkanyamula repu ndi matimati kupita kumsika wa Chongwe.

Pa chitseko chake cha kumbuyo pali maluwa a mpendadzuwa. Anajambula ndi amayi, ndi penti yotsala ya pamawindo, kuti ogula azizindikira galimoto yathu ali patali. Sanali odziwa kujambula. Duwa lina ndi lalikulu kuposa mutu wanga, lina linapendekeka ngati likusinza, ndipo pa lina pali chidindo cha chala chawo, pamene anakhudza kuti aone ngati penti yauma. Amayi anamwalira chaka chomwe vaneti inaima. Ndikaweruka kusukulu ndinkakonda kukhala kuseri kuja, nditatsamira chitsekocho, n'kumalemba zimene zandichitikira tsikulo. Sindinauzepo munthu chifukwa chake.

Chaka chatha titakolola, atate ananena kuti akufuna kuidzutsa. Anatenga sikuludalaiva n'kumagogoda thupi lonse, ngati mmene amagogodera chivwende. Pansi pa mapazi a dalaivala sikuludalaivayo inangolowa yonse. M'munsi mwa chitseko cha maluwa, mmene madzi amvula ankaima, dzimbiri linali litadya mpaka chitsulo chinkanyenyeka m'manja ngati mkate wouma. Anandifotokozera kuti adula zowola zonse, awotcherera zigamba, kenako apala galimoto yonse n'kuipenta mwatsopano. Ndinavomera ndi mutu. Kuyambira maliro aja ndinali ndisanawaonepo akumwetulira choncho.

Atate anali atasankha kale chimene akufuna. Ali mnyamata anagwirapo ntchito pagalaja ina ku Chipata, ndipo kumeneko anaphunzira kudula ndi kuwotcherera ndi gasi. Ankanena za lawi lija ngati akunena za mnzawo wakale. Gasi sadikira magetsi, anatero, ndipo kwathu magetsi amabwera pamene afunira okha.

Loweruka lina tinakwera minibasi kupita kuboma. Hadiweya imene tinalowa inali ya mayi wina wamtali, wovala ovolosi ndi ndolo zazikulu. Ine ndinaima pakhomo kaye, ndikungoyang'ana. Mabotolo a gasi anali atandandalika kukhoma, aatali ngati anthu oyembekezera basi. Padenga panalendewera zigoba zakuda zophimba kumaso. Mkatimo munkanunkha ngati mvula yagwa pa chitsulo chotentha.

Mayiyo anati iye sagulitsa chida munthu asanachigwire, chifukwa watopa ndi azibambo obwerera Lolemba ali ndi nkhope zazitali. Anatitengera kubwalo la kuseri, kumene kunali chitseko chakale cha galimoto, chabuluu, choyeserapo. Choyamba anatisonyeza galayinda, makina a chimbale chozungulira chodulira zitsulo. Atangoigunditsa pachitsulo, moto unathetheka n'kuuluka ngati madzi a paipi yothirira m'dimba, wofiira, wautali, n'kumakagwera kumpanda. Ndinabisala kumbuyo kwa atate, koma maso ndinasiya kunja.

Kenako anawapatsa gasi. Manja a atate anakumbukira okha. Anatsegula pang'ono apa, pang'ono apo, ndipo lawi lachikasu lofuka utsi linafupika n'kukhala kalilime kabuluu kolira psii. Sindinkadziwa kuti zala zomwe zija zobzala kabichi zimadziwa zinthu zotere. Analozetsa kalilimeko pachitseko, chitsulo chinafiira, n'kutseguka mofewa ngati nsalu.

Koma ine ndinali kuyang'ana penti. Inayamba kutuwa pafupi ndi moto, kenako inatupa matuza, matuzawo n'kumayenda mbali zonse, akuda, kufika kutali kumene lawi silinafikeko n'komwe. Ndinatambasula dzanja langa mobisa pa siketi n'kuyeza. Kunyumba, kuchokera pa dzimbiri kufika pa duwa losinza lija, dzanja langa limakwanira ndendende. Apa penti inali itapsa kuposa pamenepo.

"Atate, nanga maluwa a amayi?"

Mawu anga anamezedwa ndi kulira kwa gasi. Amene anamva ndi mayi wa hadiweya.

"Zimyani moto, ba tate. Mwana akamba."

Atate anazimitsa. Bwalo lonse linati zii, ndipo ndinayenera kunenanso, tsopano anthu awiri akundiyang'ana. Ndinanena ndikuyang'ana nsapato zanga.

Atate anayang'ana penti yopsa ija. Kenako anati, "Ine nenze kuganiza kuti siufuna kuyaona. Masiku onse nikupeza wayafulatira."

"Nimatsamira," ndinatero.

Mayiyo sanafunse kuti amayi ali kuti. Anangondiuza kuti ndimuonetse ndi manja kutalika kwake, ndipo ndinamuonetsa. Anapukusa mutu n'kunena kuti gasi aiwale, chifukwa amatenthetsa chitsulo chonse. Galayinda ingathandize pansi pa galimoto, koma pafupi ndi maluwa ayi, chifukwa moto wake umamatirira pa penti n'kusiya timadontho ta dzimbiri. Analowa mkati n'kubwera ndi sizasi yaikulu yodulira malata, ndi kamakina kowotcherera ka magetsi kofanana ndi wailesi, ndi timalodi towonda, timitengo tachitsulo timene timasungunuka polumikiza. Anafotokoza kuti chitsulo cha galimoto n'chopyapyala, choncho sakoka mzere wautali. Amadontheza kamodzi apa, n'kulumphira kutali, n'kudikira pazizire. Ngakhale atatero, anati, penti ya pafupi ipsa ndithu, ndipo iye sangalonjeze kuti ipsa mpaka pati.

"Manja ya gasi aya azayambira giredi wani," mayiyo anawaseka atate. "Na malaiti yanu ya ku Kanakantapa, muzasiliza mwana uyu ali na mwana wake."

"Ba mayo, mugulitsa katundu olo mugulitsa chipongwe?"

"Chipongwe ni mbasela."

Atate anaseka, koma chogwirira cha gasi chija anali adakali nacho m'manja. Anachitembenuza, n'kupukuta kukamwa kwake ndi chala chachikulu. Kenako anachiika pansi bwinobwino n'kunyamula kamakina kaja. Anatenganso zigoba ziwiri, china chaching'ono chogwira ndi dzanja.

Zimene ananena mayiyo zinali zoona. Kwa milungu ingapo atate ankayesera pa mgolo wakale, ndipo mgolowo unadzaza mabowo ngati sefa. Nthawi zina lodi inkamatirira, iwo n'kumaikoka akung'ung'udza. Nthawi zina ankati akangoyamba kugwira bwino, magetsi n'kupita. Ankakhala pa njerwa, chigoba chili pamutu, akuyang'ana babu la pakhonde. Sananenepo za gasi ngakhale kamodzi. M'munsi mwa chitseko anadula ndi sizasi ija pang'onopang'ono, mpaka m'manja munatuluka matuza, pamene ndi lawi akanamaliza madzi a tiyi asanawire.

Tsiku lowotcherera chitsekocho linali Lamlungu, titabwera kutchalitchi. Tinaphimba maluwa ndi chiguduli chonyowa chofinyidwa bwino. Atate anandiveka magolovesi ndi jekete lawo lakale, n'kunena kuti akadontheza n'kuchotsa lodi, ine ndizivula golovesi n'kukhudza pa duwa. Pakatentha ndinene, ndipo sapitiriza mpaka nditalola.

Ndinaika chigoba kumaso ndipo dziko lonse linazima. Sindinkaona vaneti, ngakhale dzanja langa. Ndinangomva atate akupuma. Kenako mumdimamo munabadwa kadzuwa kakang'ono kobiriwira, ndipo pansi pake ndinaona chinthu chimene mpaka lero ndimachiganizira ndili m'kalasi. Chitsulo chinasanduka madzi. Kadziwe kowala, kochepa ngati njere ya mapira, kanali kunjenjemera pakati pa chitsulo chakale ndi chatsopano, n'kumwa mbali zonse ziwiri. Kadzuwa kanazima, kadontho kanatsala kofiira, n'kumazilala ngati diso likutseka. Zinthu ziwiri zinali zitakhala chimodzi, ine ndikuona.

Ndinakhudza duwa. Linali lozizira. Dontho lina, kutali. Lozizirabe. Titafika pansi pa duwa losinza lija, ndinamva kufunda kukukwera m'chitsulo ngati mphumi ya mwana wodwala malungo, ndipo atate anali atatsitsa kale chigoba kuti apitirize.

"Imani."

Ndinadabwa kumva mawu anga akutuluka okwanira. Anaima. Tinakhala pansi tonse awiri, tikumvera chitsulo chikulira tiki, tiki pozizira. Tinachita choncho masana onse, ndipo magetsi sanatisiye.

Dzuwa litapendeka atate anati ndichotse chiguduli ndine. Ndinayamba kukweza ngodya imodzi. M'munsi, mapesi obiriwira aja anali atapsa, ndipo masamba apansi anasanduka phulusa limene linatsalira pa chala changa. Ndinakweza chonse. Mitu yonse inalipo, yachikasu, yonyowa, yowala kuposa kale chifukwa madzi anali atatsuka fumbi. Chidindo cha chala chinalipo, mizere yake yonse ikuoneka.

Atate anagwada n'kuyang'ana kwa nthawi. Anafunsa ngati ndikufuna kuti tigule penti yobiriwira ndijambulenso mapesi. Ndinaganiza, kenako ndinakana. Mawa lake anapaka penti yotuwa yoteteza dzimbiri pa chigamba chokha, mzere wowongoka kuchokera mbali ina kufika ina. Tsopano maluwawo amaoneka ngati aima kuseri kwa mpanda waufupi, akusuzumira amene akubwera kumbuyo.