Mawu a Vasco M'makutu mwa Dércia

Dércia wa ku Tsangano amadziwa zambiri koma sanena kanthu, ndipo anthu amamuyesa wonyada. Si kunyada ayi, ndi ntchito. Kampani ina ya ku Tete imamutumizira mawu ojambulidwa: maumboni a kukhoti, misonkhano ya pa intaneti ya mabungwe a alimi. Iye amadzitsekera m'kachipinda, zomvera zili m'makutu, n'kumalemba pa kompyuta liwu lililonse, ngakhale kutsokomola kwa munthu. Polowa ntchito analumbira kuti zimene wamva sizidzatuluka pakamwa pake. Akangoulula, ntchito yatha, ndipo khoti limufuna iyeyo.

Ndiye taganizani, kupita kumsika kukagula kachewere, wogulitsayo n'kukhala yemwe dzulo lake amalira m'makutu mwako za malire a munda. Dércia amangopereka moni n'kudutsa.

Chaka chatha analemba maumboni a mlandu wa chigafa cha fodya chimene chinapsa ku Chidzolomondo. Mboni ina inali mwamuna wa mawu okoma, wokonda kumaliza chilichonse ndi liwu la Chipwitikizi loti “pronto”, kutanthauza kuti basi. Anati dzina lake ndi Vasco, ndipo tsiku la motowo anali pakhomo ndi mkazi wake Alda ndi ana awo awiri. Dércia analemba, natumiza, naiwala.

Nthawi yokolola, mng'ono wake Lestina anabwera ndi mwamuna kudzamuonetsa. Wogula mbewu, nsapato zonyezimira. Mwamunayo atangotsegula pakamwa, Dércia anawazindikira mawu aja.

“Ndine Vasco, alamu. Kwathu ndi ku Chidzolomondo, koma ndili ndekhandekha, pronto.”

Ankhoswe a masiku ano nawonso! Akale akanapita kukaona kwawo kwa mwamuna. Awa anangolandira nkhalamba imene Vasco anabwera nayo pa njinga yamoto, ati amalume ake, n'kukhutira. Dércia anayesa tinjira timene lumbiro lija linamusiyira. Anayamba ndi a Felizardo, amalume a iye ndi Lestina, amene anali nkhoswe ya kuchikazi.

“Amalume, bwanji mukafike kaye kwawoko, mukaone pakhomo pawo?”

“Iwe, kutali konse kuja? Wamva chiyani? Nena.”

Dércia anati akungofuna kuti mwambo utsatidwe. A Felizardo anaseka, nati kuphunzira kwambiri kumangobweretsa mtima wokayikakayika.

Kwa Lestina ndiye zinafika poipa. Dércia anamupeza akusankha nyemba, nati, “Dikira pang'ono, mng'ono wanga. Umudziwe kaye munthuyu.”

“Mana, akulu anga, ngati pali chifukwa, tchulani. Ngati palibe, ndi nsanje basi, poti inu simunapeze wanu.”

Zinamupweteka, ndipo anakalirira kuseri kwa nkhokwe. Dzina la Alda linali pamilomo penipeni. Koma ntchito ija ndi imene imagula mankhwala a amayi awo, amene sadzuka pamphasa, ndipo ku Tsangano ntchito yotere siipezeka kawiri. Anameza dzinalo.

Chinkhoswe chinachitika. Dércia ndiye anaphika, ndiye anamumanga Lestina chitenje. Vasco anajambula mwambo wonse pafoni, ndipo patapita masiku anabwera nayo akumwetulira.

“Alamu, paja inu ndinu akatswiri. Tilembereni zonse zimene zinanenedwa, tisunge, pronto.”

Akanakana bwanji, Lestina ataima pakhomo akumuyang'ana? Anavala zomvera zija. Mawu omwewo, kutsokomola komweko, akuuza ankhoswe kuti sanakwatirepo chibadwire. Zala zinalemba zokha monga zinazolowera. Kenaka munamveka nthungululu za azimayi, ndipo pakati pake inamveka ina yokwera kuposa zonse, yaitali, yosafuna kuleka. Anaibweza kuti adziwe mwini wake, monga amachitira ndi liwu lililonse. Inali ya iye mwini.