Tsiku Limene Ndinawasiyira Fisi Alamu Anga

Chaka chimenecho ine ndi alamu anga, akulu ake a mkazi wanga, tinkalima dimba limodzi kumunsi kwa Golomoti. Amuna awo anali atamwalira, ndiye tinagawana ntchito: ine kutunga madzi m'chitsime, iwo kuthirira tomato ndi mpiru. Tinkalawirira, chifukwa kwathu kuno ikafika Okutobala nthaka imawotcha mapazi.

M'mawa wina, kunja kutayera kale, ndikukwera kuchokera m'chitsime ndi makheni awiri a madzi, ndinaona fisi ataima pakati pa tomato. Sanathawe monga achitira afisi akaona munthu. Dovu linali chuchuchu kukamwa kwake. Alamu anali atawerama, atamufulatira. Khasu langa linali pafupi, poti ndikanangotambasula mkono. Ndinaliona bwinobwino. Ndinaponya makheni pansi n'kuliyatsa liwiro.

Sindinakuwe n'komwe kuti ndiwachenjeze. Ndinayamba kukuwa nditafika kale kumsewu, kumbuyo ndikumva mawu awo: "Alamu! Alamu inu!"

Anawalanditsa ndi amuna awiri amene ankaumba njerwa kutsidya. Fisiyo anamupha ndi mipini, koma anali atawaluma kale patsaya ndi padzanja, zala ziwiri zitaduka. Tinathamangira nawo kuchipatala cha ku Mua pa njinga yamoto. Anagonekedwa milungu ingapo, akubayidwa jakisoni wa chiwewe. Aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti ndinali nditapatukira kuthengo, ndipo nditamva kulira ndinathamanga kukaitana anthu.

Alamu atatuluka m'chipatala, kunabwera anthu a bungwe lina loteteza nyama zakuthengo, poti anamva kuti tikufuna kuthira poizoni m'nyama ya mbuzi n'kukaitaya kumapanga a afisi. Tinasonkhana pabwalo la sukulu. Amene ankayankhula anali mayi wina wachitsikana, wamawu ofatsa. Anati afisi ambiri amaopa anthu, uyu ayenera kuti anali wachiwewe, ndipo poizoni adzapha agalu athu ndi miimba yomwe. Anatipempha kuti tibayitse agalu katemera ndi kumanga makola olimba.

Sindinamulole kumaliza. Ndinaimirira n'kukalipa kuti fisi wa pachithunzi saluma, koma ife tikukhala ndi weniweni. Ndinati iwo amagona m'nyumba za mpanda kutauni, ife m'chilimwe timagona pakhonde ndi ana. Ndinafunsa ngati bungwe lawo limamerezanso zala. Zina mwa zimene ndinanenazo ndimaziona zoona mpaka lero. Koma ndimadziwa chimene chinkandikweza mawu tsiku lija, ndipo sichinali chisoni.

Anthu atayamba kuwomba m'manja, mtima unakwera. Ndinapita pamene panakhala amayi, n'kuwadzutsa alamu. Anali atadzifunda chitenje kubisa tsaya. Ndinachivundukula, n'kukweza dzanja lawo m'mwamba kuti aliyense aone.

Mayi wa bungwe uja anayang'ana dzanjalo, misozi ili lengelenge. Kenako anawapepesa alamu, n'kutembenukira kwa ine.

"Bambo, inuyo munalipo pamene zinkachitika?"

"Ndikanakhalapo," ndinatero, "fisi ameneyo sakanawakhudza."

Alamu anachotsa dzanja lawo m'manja mwanga pang'onopang'ono, n'kukakhala pansi.

Pobwerera anthu anatsogola, ine ndi alamu tinatsalira chifukwa iwo ankayenda movutika. Titafika pamlambe wa panjira anaima.

"Alamu, ndinakuonanitu. Makheni atagwa ndinacheuka."

Ndinasowa poyang'ana. Ndinayamba kunena kuti mwina sanaonetsetse, koma anandidula.

"Mng'ono wanga sindinamuuze, ndipo sindimuuza. Mantha ndi a munthu aliyense, mwina inenso ndikanathawa. Koma dzanja langali musadzalikwezenso pagulu."

Anapitiriza ulendo, ine ndikuwatsatira mpaka tinafika.

Loweruka lotsatira amuna a m'mudzi anagwirizana zopita kumapanga a kuphiri kukafukiza afisi ndi moto. Anabwera kudzanditenga, ati ine ndiye nditsogolere poti ndinawayankhulira bwino pamsonkhano. Ndinawauza kuti ndadwala malungo. Ndinagona m'nyumba tsiku lonse, thupi lili bwinobwino, mkazi wanga akundiphikira phala. Amuna aja anabwerako madzulo opanda kanthu, atangotentha tchire.

Alamu sanapondenso kudimba kuja. Anasamukira kwa mwana wawo ku Mtakataka, komwe amagulitsa usipa pamsika. Dimba anandisiyira lonse. Ndikakolola tomato ndimawatengera dengu limodzi, amalandira n'kuthokoza, timafunsana za ana ndi za mvula. M'mudzi muno anthu akamakamba za afisi amanditchulabe kuti ndine amene ndinawakhazika chete a bungwe aja, ndipo mkazi wanga amamwetulira akamva. Ndayesapo kangapo kumuuza. Pofotokozapo ndimangofika pa za chitsime ndi makheni, kenako ndimayamba kukamba zina.