Lata la dzimbiri pakhonde la achimwene

Chizindikiro choyamba chinali nsagwada. Lachinayi m'mawa, ndikuthyola tiyi kuesiteti, ndinalephera kumuyankha bwino kapitawo chifukwa pakamwa pankangotseguka pang'ono. Pofika madzulo khosi linali litauma, madzi omwe ankanditsamwa.

Masiku asanu ndi anayi m'mbuyomo ndinali nditakacheza kwa achimwene anga ku Chinakanaka, m'nyumba yalendi. Sitepe ya pakhonde inali itagumuka ndi mvula, ndipo eni nyumba, a Namwera, anangoyalapo lata lakale. Achimwene anali atawauza katatu kuti akonze. Ndikutsika, latalo linapindika n'kundicheka chidendene. Ndinatsuka ndi madzi amchere, n'kumangapo kansalu, n'kubwerera kuntchito.

Kuchipatala, kumene achimwene ananditengera, adokotala atayang'ana balalo anati, "Ndi kafumbata. Mwachedwa mayi, koma tiyesetsa." Anandigoneka m'kachipinda kamdima, poti kuwala ndi phokoso zinkachititsa thupi lonse kukungika, msana n'kupindika. Milungu itatu ndinkamwa phala kudzera m'kapaipi ka m'mphuno. Jakisoni sindinkawerenganso. Mlungu wachinayi ndinatafuna nthochi ndekha, achimwene n'kugwetsa misozi.

A Namwera anali tcheyamani wa chipani m'deralo, choncho achimwene ankaopa kukadandaula kwina za latalo. Koma namwino wina, amene amuna awo anali kalaliki wa kukhoti, anandiuza motsitsa mawu akundimanga bala: "Mwini nyumba akauzidwa za malo oopsa n'kusakonza, mlendo akavulala mlandu ndi wake. Kadandauleni."

Nditatuluka ndinapita kukhoti ndikutsimphina. Achimwene anandiperekeza, akudziwa kuti akhoza kuthamangitsidwa m'nyumba. Amayi awiri oyandikana nawo anachitira umboni kuti anawamva a Namwera akulonjeza kugula simenti yokonzera sitepeyo. A Namwera sanakane. Khoti linalamula kuti andipepese ndi ndalama pa miyezi imene sindinagwire ntchito, ndiponso akonze sitepeyo. Anakonza, ndipo achimwene anakhala m'nyumbamo zaka zina zinayi.

Lero ndimayenda bwinobwino ndipo ndimalima ndekha. Chidendene chimangowawa kukazizira. Inu amene chitsulo chakuchekani, ngakhale bala likhale laling'ono, pitani kuchipatala tsiku lomwelo akakubayeni jakisoni. Ine ndinadikira mpaka pakamwa patatsekeka, ndipo amene analongosola vuto langa kwa adokotala m'malo mwanga ndi achimwene.