Galasi la Thanki Silidzipukuta Lokha

Lorna Haugen analembedwa ntchito pa yunivesite ina ku Minnesota kuti aziyang'anira makamera a mu labotale yoyezera liwiro la madzi. Zopukuta galasi la thanki yoyezeramo madzi palibe amene anamutuma. Anangoyamba yekha, ataona ophunzira akudandaula ndi zotsatira zokhotakhota.

Mmenemo amathira timikanda tating'ono ngati fumbi m'thanki yaitali ya madzi oyenda, n'kutiunika ndi kuwala kobiriwira. Kamera imajambula kawiri motsatizana, kompyuta n'kuona pamene kamkanda kalikonse kafika. Koma kalitsiro kokanirira pagalasi sikasuntha, ndiye kompyuta imanama kuti madzi akuyenda mwaulesi.

Choncho Loweruka lililonse, thanki ikakhuthulidwa, Lorna ankalowamo chokwawa, nsalu yoviika mu viniga ili m'manja. Ana ake anakula akudziwa kuti Loweruka amayi amanunkha viniga. Ophunzira ankabwera, kutenga madigiri awo n'kumapita, ena osadziwa n'komwe kuti galasi limada.

Kenako mawondo anayamba kukana. Dokotala anamuuza kuti akapitiriza kugwada, mapeto ake ndi opaleshoni.

Lachisanu lina masana Pulofesa Prokop, mkulu wa labotaleyo, anamupeza akudya sangweji.

"A Lorna, Lolemba kukubwera alendo otithandiza ndi ndalama aja. Mawa mutiwalitsire galasi monga mwa masiku onse."

"Mawa ndili kunyumba, bwana."

"Mwadwala?"

"Ndikuthawa kudwalako."

Apulofesa anaseka. "Aa, inu ndinu mayi wa labotale ino, mukudziwa."

"Anga ndinalera kale, ali ndi ndevu. Inuyo ndi imvi zonsezo mukufuna ndikuberekeni kumsana?"

Kuseka kunatha. "Paja kontrakiti yanu ikutha mu Juni," anatero motsitsa mawu.

Lorna anayamba wamaliza kutafuna. Ankadziwa kuti pa msinkhu wake ntchito ina sipezeka msanga. Komabe anaimirira, natsegula kabati, natulutsa botolo la viniga ndi nsalu, n'kuwapatsa m'manja.

"Muziyambira m'makona. Nsapato muvule, zimakanda galasi."

Lolemba m'mawa Lorna anapeza galasi lili mizeremizere, Apulofesa akutsimphina m'khonde. Anangopatsana moni wa pakamwa. Za Juni Apulofesa sanazitchule, Lorna nayenso sanafunse. Anayatsa makamera ake, nakokera mpando pafupi ndi thanki, n'kukhala pansi miyendo atawongola.