Ndinakana kusayina popanda loya

Akuchimuna onse amakhulupirira kuti amene anaulula alamu anga kupolisi ndi mnzawo wina wa kuntchito. Si zoona. Ndinawatchula ndine. Zaka ziwiri tsopano ndakhala nawo pa zinkhoswe ndi pamaliro, iwo akutukwana kapirikoni amene anagulitsa mbale wawo, ine ndikugwedeza mutu ngati ndikuvomereza. Ngakhale amuna anga sindinawauze. Ndatopa nako kugwedeza mutu.

Tinkakhala ku Yeoville, mu Joni, chipinda chimodzi m'fulati ya mabanja anayi. Mwana wanga wamkazi anali ndi miyezi isanu, akuyamwa bere lokha, botolo ankalilavula. Alamuwo, akulu awo a amuna anga, ankapakira katundu m'nyumba ina yosungiramo zinthu ku Marlboro. Lamlungu lina anabwera ndi chikwama chachikulu, zija za mizeremizere, chokulungidwa ndi selotepu mpaka chogwirira chomwe. Anati muli mabulangete a apongozi anga, ndisunge mpaka thiransipota wopita ku Malawi adzatenge. Inu a ku Joni mukudziwa. Palibe chipinda cha Mmalawi chopanda katundu wa wina pansi pa bedi kapena pamwamba pa wadirobu. Ndipo katundu wa mwini satsegula. Ukang'amba selotepu ndiye kuti wamutcha mnzako wakuba, kapena wadzitcha wekha.

Lachinayi m'mawa, amuna anga atapita kuganyu yopenta, anagogoda apolisi atatu. Chikwamacho anaching'amba pamaso panga. Bulangete linalimo, limodzi. Pansi pake panali malaputopu atsopano obedwa, m'makatoni mwake, ndipo imodzi inali ndi kachipangizo kamene kankawalozera njira mpaka pakhomo panga. Atanditenga, mwana ndinamusiya m'manja mwa mnansi wanga, mayi wa ku Mangochi, ndisanamalize n'komwe kumuyamwitsa.

Foni ya amuna anga inali yozima, ndiye mnansiyo anaimbira amalume awo, amene ndi ankhoswe a ukwati wathu. Mdala ameneyu anabwera kuno nthawi ya migodi, ndipo akaona yunifomu amavula chipewa. Anafika kusiteshoni atavala jekete, n'kuuza wapolisi wofufuza nkhaniyo kuti mtsikanayu ndi wakumudzi, Chizungu samva, womasulira akhala iwowo. Ine amene ndili ndi setifiketi ya usekilitale ya ku koleji! Koma ndinangogwetsa maso pansi, manja pamiyendo. Ndi mmene tinaleredwera. Pamlandu mkazi wa pabanja sayankha yekha ankhoswe ali pompo.

Amalume ananong'ona m'Chichewa. "Apongozi, nkhaniyi ndaikonza kale. Munene kuti chikwama anakusiyirani munthu amene munakumana naye ku renki ya matekisi, simukumudziwa. Musayine, mupepese. Mayi wa khanda samusunga, abwanawa andiuza. Koma mwamuna akalowa, walowa. Mwana wa mchemwali wanga uja ali ndi ana anayi kumudzi."

Ine ndinali ndisanatchule munthu aliyense. Iwo ankamudziwa kale mwini chikwama.

Wapolisiyo anakankhira mapepala awiri kwa ine, n'kuloza bulauzi yanga. Mkaka unali utatulukira, madontho awiri akulu. "Sisi, sayina apa ndi apa, upite ukayamwitse. Sharp sharp."

Cholembera ndinachitenga, ndisaname. M'mutu munkangomveka kulira kwa mwana. Koma ku koleji tinali ndi mphunzitsi wina amene ankatimenya zala ndi rula tikadinda kalata tisanaiwerenge, ndipo chizolowezi n'chovuta. Ndinayamba kuwerenga. Pepala loyamba linali sitetimenti yanga, yolembedwa kale ine ndisanayankhule. Linkati ndinalandira katunduyo ndikudziwa zimene zinali mkati. Lachiwiri linali losindikiza, ndipo linkati ndili ndi ufulu wokhala chete, ndiponso woyankhula ndi loya ndisanayankhe kanthu. Pepala lawo lomwe, ndi chidindo chawo chomwe.

Ndinaika cholembera pansi. Ndinayankhula m'Chizungu kuti sindisayina, ndikufuna loya.

Wapolisi anaseka mpaka anagunda tebulo. "Hawu, madala! Si paja umati samva Chizungu?"

Amalume nkhope inagwa. "Loya? Loya ndi wa anthu olakwa. Nanga ine ndabwera kudzatani? Ukwati wanu ndinayankhula ndine, mwana atabadwa dzina ndinapereka ndine. Lero mukufuna mlendo akuyankhulireni?"

"Amalume, ndikasayina apa, kundende mupita ndinu?"

"Mwano! Mwano wa masukulu!"

"Ndangofunsa, amalume. Mwana mukamuyamwitsa ndinu?"

Chibadwire sindinayankhepo munthu wamkulu chonchi. Koma pakamwa panali patatseguka.

Ine ndine munthu wamantha, wokopera nambala iliyonse imene ndaiona pakhoma. Kuseri kwa khadi la mwana la kusikelo ndinalembako ya ambulansi, ya ozimitsa moto, ndi ya ofesi ina yothandiza alendo pa za malamulo. Khadilo silichoka m'chikwama changa cha m'manja. Anandilola kuimba, atandizunguza kaye. Kuofesiko anati atumiza munthu, koma ndidikire, ndipo ndisayankhe funso lililonse.

Ndinadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa linapendeka, pabenchi yachitsulo, mabere atalimba ngati miyala. Wapolisi uja ankadutsa kawirikawiri. "Loya wako ali kuti, mama? Lero Lachinayi. Ukagona pano, khoti ndi Lolemba." Amalume ankabwera mbali inayi. "Mwaona zimene mwadziputira? Tikanakhala titafika kunyumba." Kawiri konse ndinatsala pang'ono kuitanitsa cholembera. Ndinkawerenga masiku: Lachisanu, Loweruka, Lamlungu, mwana wokana botolo. Chimene chinandigwira n'chakuti ndikasayina, si masiku atatu amene ndidzawerenge.

Loya anafika atavala matenisi, chikwama kumsana, akumalizitsa gwinya, mandasi a kuno, m'pepala. Mkazi wamfupi, wosaposa ine kwenikweni msinkhu. Amalume anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndi ameneyu?" Iye anawapatsa moni mwaulemu, n'kupempha kuti onse atuluke, iwo omwe. Chitseko chitatsekedwa anandifunsa kuti, "Chachitika n'chiyani?" Tsiku lonse anthu ankandiuza zimene zinachitika. Uyu yekha ndiye anafunsa.

Sindikufuna kumunamizira. Sanandiuze kuti nditchule munthu. Anati ndikhoza kukhala chete, ndi ufulu wanga, koma mwina ndigona momwemo mpaka khoti. Anati nkhani ya munthu wa ku renki sangandithandize nayo chifukwa ndi bodza, ndipo bodza likagwa limagwera mwini. Kenako anafunsa ngati ndili ndi chilichonse chosonyeza mwini chikwama. Ndinali nacho. M'foni yanga munali uthenga wa mawu wa alamu: "Alamu, chikwama chija musatsegule, muli mabulangete a amayi, thiransipota abwera Loweruka."

Loya anati, "Ganiza kaye. Wosankha ndiwe."

Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinati aitaneni.

Wapolisi yemwe uja analowa ali munthu wina. Za "sisi" zinatha, ankanditchula dzina la bambo anga. Sitetimenti yoyamba ija inalowa m'dirowa. Ankafunsa, ine n'kuyankha, iye n'kulemba mawu anga enieni. Akafunsa funso lokhota, loya ankangoti, "Limenelo wayankha kale." Pena anamuuza kuti afufute mzere umene sindinanene. Uthenga uja ndinawatsegulira ndekha, n'kuwamasulira ndekha. Ndinawerenga tsamba lililonse ndisanasayine, pang'onopang'ono, iye akuyang'ana wotchi.

Ananditulutsa dzuwa lisanalowe, n'kundiuza kuti ndisachoke mu Joni. Amalume anali panja pakhonde. Anafunsa kuti ndanena chiyani, ndinati ndanena zimene loya wandilola. Tinakwera tekisi yobwerera kunyumba. Mwana ndinamupeza mawu atasasa, mnansi akuyesa kumumwetsa madzi ndi supuni. Anagwira bere ndi manja onse awiri ngati wina amulanda.

Alamu anawagwira m'mawa mwake kuntchito. Poti ena a kumeneko anali atafunsidwanso, abale anangoti waulula ndi mmodzi wa iwo. Alamu anavomera mlandu, anakhala kundende, kenako anawabweza kumudzi. Amalume sanandifunsenso, koma mpaka lero akamandilozera kwa alendo amati, "Awa ndi apongozi athu aja a maloya." Akazi awo a alamu amandiimbirabe foni, kundithokoza kuti ndinavutika chifukwa cha amuna awo. Pamenepo ndiye pamandilasa. Ana anayi aja anavutikadi, ndikudziwa, ndipo sindikunena kuti mtima wanga uli mbee.

Koma kupepesa sindipepesa. Chikwama chija alamu sanakachisiye kwa amalume, kapena kwa mwamuna mnzawo. Anasankha chipinda cha mayi woyamwitsa, podziwa kuti sangatsegule, sangafunse, ndipo zikavuta adzasayina. Amuna anga awerenga izi, abale awonso amva. Ndiye ndikufunseni inu, makamaka amayi anzanga a kuno: ndinalakwa? Yankhani momasuka, ndimva. Koma musanayankhe, ndiuzeni kuti mwana wanga akanayamwa kwa ndani.