Chotupa Chimene Sichinali Papepala

Akulu anga anagwira ntchito yodwala kwa zaka khumi ndi chimodzi. Ndikanena choncho anthu amaseka, ena amayesa ndikuwanena ulesi, koma ndi ntchito yeniyeni, ya chiphaso chopachika m'khosi. Pa yunivesite yophunzitsa madokotala imene ili kumapeto kwa msewu wathu, ophunzira sawalola kuyambira pa odwala enieni. Amayambira pa anthu abwinobwino amene amapatsidwa pepala la matenda, n'kuliloweza pamtima, n'kukagona pabedi ngati akumvadi ululu. Ophunzira amalowa mmodzimmodzi, kufunsa mafunso, kupima, kwinaku mphunzitsi ali pakona ndi cholembera. Belu likalira pakatha mphindi zisanu ndi zitatu, wina amatuluka, wina n'kulowa.

Ine ndimagwira pa sukulu yomweyo, kochapira. Nsalu za m'mabedi, makhoti oyera ndi mikanjo ya tsiku lomaliza maphunziro, zonse zimadutsa m'manja mwanga. Ndine amene ndinawauza akulu anga za ntchito yodwalayi alamu anga atamwalira, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu.

Yunivesiteyi si ya boma. Anaimanga anthu a zolinga zabwino, ndipo pakhoma la pachipata analembapo zilembo zikuluzikulu zoti akusula madokotala a dera lino, dera limene munthu amayenda tsiku lathunthu kuti aone dokotala. Mawuwo amawapaka penti chaka ndi chaka. Inenso chaka ndi chaka ndimasita mikanjo makumi anayi. Eni ake amaivala, amajambulitsa, amaibweza ikununkha thukuta, ndipo pakatha mwezi simumvanso za iwo. Ena ali m'mizinda ikuluikulu, ena anakwera ndege. Pachipatala chaching'ono cha kwathu mpaka pano pali namwino mmodzi wotopa, amene matenda alionse amawayankha ndi mapilitsi opha ululu. Sindimuda ayi, nayenso alibe womufunsa.

Akulu anga sukulu anasiyira panjira, koma mutu anali nawo. Pepala akaliwerenga kawiri, basi lalowa. Anadwalapo shuga, chifuwa, chizungulire, koma matenda amene anatchuka nawo ndi a ndulu. Wophunzira akakanikiza kumanja, pansi pa nthiti, n'kuwauza kuti akoke mpweya, iwo ankaudula pakati, n'kugwira chitsulo cha bedi, misozi ili lengelenge. Wophunzira wina anawapepesa katatu mayeso ali mkati mpaka kuiwala zimene ankafuna kufunsa. Dzina loti Mayi Ndulu linachokera pamenepo, ndipo iwo ankalinyadira kwabasi. Kunyumba alendo otopetsa akachedwa kunyamuka, ankangoyamba ndulu yawo ija, alendowo n'kutsanzika okha.

Lamulo la ntchitoyo linali limodzi: usanene chimene sichili papepala. Cholinga chake n'chakuti wophunzira aliyense akumane ndi wodwala yemweyo, wa mayankho omwewo. Akulu anga lamuloli analisunga kuposa amene analilemba. Anzawo ena ankamvera ana chisoni n'kumawalozera ndi maso pamene pakupweteka, koma iwo ayi. Ankati ukamuthandiza mwana pamayeso ndiye kuti wapha wodwala wake wa mawa. Anali ouma mutu chibadwire, ndipo ine ndinazolowera kuwagonjera.

Chaka chatha ndinaona kuti masiketi awo ayamba kuzungulira m'chiuno. Chakudya ankangolawa n'kukankha mbale. Tsiku lina tikuyanika zovala anaima chilili, dzanja lili pamimba, kumanzere. Ndinayesa akuchita zawo zija, ndipo ndinawauza kuti lero mwasokoneza mbali, ndulu ili uko. Sanaseke.

Ndinawaperekeza kwa namwino wathu uja. Anawapatsa mapilitsi n'kunena kuti adzabwerenso dokotala akadzafika, koma dokotala amene ankabwera kamodzi pamwezi anali atasiya kubwera kalekale. Ndinawauza akulu anga kuti angomuuza mphunzitsi mmodzi wa kuntchito, si madokotala okhaokha amenewo? Anakana. Anati munthu amene amalira ndulu Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse akadandaula za m'mimba amukhulupirira ndani. Nditawakakamiza m'pamene anatulutsa chimene chinali kumtima kwawo.

"Iwe, ukudziwa kuti mwezi uno wokha andigwira pamimba madokotala angati? Makumi atatu ndi asanu ndi awiri. Mukanakhala kanthu muno, onsewo sakanakapeza?"

Ndinawauza kuti amenewo si madokotala, ndi ana amene amalowa akudziwa kale kuti chipinda chachinayi ndi cha Mayi Ndulu. Amathamangira kumanja kumene kuli malikisi, kumanzere amangodutsitsa dzanja ngati akupukuta tebulo. Anapsa mtima. Anati ndikunyoza ntchito yawo chifukwa ine chimene ndimadziwa ndi sopo basi. Tinatha masiku awiri osalankhulana, m'nyumba imodzi, ndipo mayeso ena awiri anadutsa iwo akudzitonthoza ndi manja a anawo.

Pa mayeso omaliza a chaka anandiika m'chipinda chachinayi kuti ndizisintha nsalu ya pabedi. Ndinkaima kuseri kwa katani, pamene ndinkaona mapazi a akulu anga ndi msana wa wophunzira. Ophunzira asanu ndi anayi anadutsa, onse anapeza ndulu, onse anatuluka akumwetulira.

Wachikhumi anali mayi wachikulireko, amene anagwirapo unamwino kumudzi zaka zambiri asanabwere kudzaphunzira udokotala. Anzake ankamutcha Anti, ndipo ankamuseka kuti amachedwa pa chilichonse. Anasamba m'manja, anapereka moni, anafunsa mafunso ake. Kenako anayamba kupima kumanzere monga amaphunzitsira, kutali ndi ululu. Koma dzanja lake silinadutse. Linaima, linakanikizanso, pang'onopang'ono.

Akulu anga akamachita za papepala ankabuula mokweza. Apa sanatulutse liwu. Ndinangoona zala za kumapazi zikupindika.

"Amayi, ichi chakhalapo nthawi yaitali bwanji?" anafunsa Anti.

"Ululu uli kumanja, adokotala, pansi pa nthiti."

"Ndamva. Koma ndikufunsa za ichi ndagwirachi."

"Unayamba dzulo, nditadya za mafuta," anatero akulu anga, maso ali kudenga.

Anti anatembenukira kwa mphunzitsi n'kumuuza kuti pali chotupa kumanzere. Mphunzitsiyo, bambo wa magalasi amene anali atakhala pampando umenewo kuyambira m'mawa, sanadzutse n'komwe mutu. Anayesa mayiyo wasokonezeka ndi mantha a mayeso, ndipo anangomuuza kuti apitirize ndi zimene wafunsidwa, zatsala mphindi zitatu. Anti sanasunthe. Anafunsa ngati thupi latsika, ngati akuona magazi akapita kuchimbudzi, ngati chakudya chikulowa. Akulu anga ankayankha za papepala zokhazokha. Belu linalira ndulu isanakhudzidwe n'komwe.

Ine ndinali pomwepo, nsalu ili m'manja. Ndinkafuna kukuwa kuti mayiyu akunena zoona, koma wantchito wolankhula m'chipinda cha mayeso amachotsedwa tsiku lomwelo, ndipo ndinachita mantha. Ndinasintha nsalu ija ngati chitsiru. Analowa ophunzira ena khumi ndi mmodzi, ndipo onse anakhoza bwino.

Masana Anti anandipeza kochapira, atafunsa kwa alonda kuti m'bale wa Mayi Ndulu ndi ndani. Za mayeso ake sananenepo kanthu. Anangoti mawa m'mawa ndibwere nawo ngakhale mochita kuwakoka, iye akamugwira mphunzitsi uja pakhomo.

Titafika kunyumba ndinawakalipira akulu anga, koyamba m'moyo wanga. Ndinawafunsa ngati pepala limenelo lidzawaike m'manda ndi ulemu. Anandisiya mpaka nditatopa. Kenako anati ankafuna kumubweza mwana uja kumanja kuti asalephere, chifukwa mphindi zinkatha. Anawonjezera kuti ankaopanso. Anati chinthucho ankachimva okha posamba kwa miyezi yambiri, koma bola palibe dokotala amene anachitchula, chinali chisanakhale matenda. Ukali wanga unathera pomwepo, ndinangotsala ndi chisoni.

M'mawa mwake mphunzitsi wa magalasi uja anawapima yekha, pabedi lomwe lija. Dzanja lake litafika kumanzere anavula magalasi n'kuwaika m'thumba. Anawatumiza kukajambulidwa tsiku lomwelo, ndipo zithunzi zinaonetsa chotupa m'matumbo, chachikulu kale. Anatifotokozera kuti pakufunika opaleshoni, koma dokotala wa opaleshoni yoteroyo m'dera lonse lino mulibe. Amachokera kutali, kanayi pachaka, ndipo mndandanda wa omudikira ndi wautali. Anatilembera tsiku la miyezi inayi kutsogolo. Akupinda pepalalo ananena, ngati akudzilankhulira yekha, kuti akanabwera msanga zikanakhala bwino.

"Abwere kuti, adokotala?" ndinamufunsa. "Si akhala akugona pabedi lanu lomweli kawiri pa sabata, inu muli pampando apo?"

Akulu anga ananditsina pantchafu kuti ndikhale chete. Kunena zoona bamboyo si munthu woipa, anaimba mafoni angapo kuti tsikulo alisendeze pafupi, koma sizinatheke.

Za Anti ndinakazitsata ndekha ku ofesi. Ndinkaganiza kuti munthu amene wapeza chimene anzake onse anachiphonya amupatsa malikisi oposa onse. Mayi wa mu ofesiyo anandionetsa pepala lochongera, la timabokosi makumi awiri, n'kundiuza mwaulemu kuti palibe kabokosi ka chotupa cha kumanzere. Anati akasintha za mmodzi ndiye kuti awalakwira ena onse. Anti adzalembanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Anzake aja ndinawasitira mikanjo, anajambulitsa pansi pa zilembo za pachipata, ndipo ambiri anapita kale.

Patatha masabata awiri chiwapimire, akulu anga anaitanidwa kuti akabweze chiphaso, chifukwa malamulo amati wodwala wa pamayeso azikhala munthu wabwinobwino. Anachivula okha m'khosi n'kuchiika patebulo bwinobwino. Tisanatuluke, mayi wa mu ofesi uja anatsokomola pang'ono n'kunena kuti aphunzitsi ali ndi pempho. Chotupa ngati chimenecho ophunzira amangochiona m'mabuku. Kodi Mayi Ndulu angalole kubwera Lachinayi, kuti a chaka chachinayi adzachigwire?

Ine ndinali nditaimirira kale, mawu oipa ali pakamwa. Akulu anga anangofunsa kuti nthawi yanji.

Njira yonse yobwerera ndinkawauza kuti anthu amenewa alibe manyazi, akudyerani muli bwino, akufuna akudyereninso mukudwala. Iwo anati ndisiye phokoso, ana aja akapanda kuchigwira pa iwo adzachiphonyanso pa munthu wina. Ndinawauza kuti munthu winayo sadzakhala wa kuno, adzakhala wa kumene anawo akupita. Anati kaya, naye ndi munthu. Ndinatopa nawo, ndipo Lachinayi ndinawasitira diresi.

Tsikulo kunalibe belu, kunalibenso pepala. Ophunzira anaima pamzere mpaka pakhonde. Akulu anga ankagwira dzanja la aliyense n'kuliika okha pamalopo, n'kumuuza kuti akanikize pang'onopang'ono, asathamange. Ankayankha chilichonse chimene afunsidwa, ngakhale chimene sanafunsidwe. Wophunzira wina wamtali, amene anawapimapo katatu m'miyezi ya m'mbuyomo, atachimva anabweza dzanja ngati wagwira mbaula. Iwo analikokanso.

"Gwirani bwinobwino, mwana wanga, musachite manyazi. Maulendo onse aja chinali pomwepa."

Wophunzirayo anatuluka akupukuta m'maso. Ine sindinamumvere chisoni, ndinali nditakwiyira aliyense m'chipindamo, kuyambira mphunzitsi mpaka ine mwini.

Onse atatuluka, akulu anga analephera kudzuka okha. Manja makumi atatu anali atawafinya, ndipo thukuta linali litanyowetsa pilo. Ndinawakhazika m'mphepete mwa bedi n'kugwada kuti ndiwaveke nsapato. Anandifunsa kuti tsiku lija anatilembera latsala masabata angati. Ndinati khumi ndi anayi. Anaika dzanja lawo kumanzere, analisiya pamenepo kanthawi, ngati akuyeza.

"Mng'ono wanga," anatero motsitsa, "sabata yatha chinkakwana m'dzanja."