Dzanja la Atsibweni pa Chilwa

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinalawa koyamba madzi a nyanja ya Chilwa. Ndinawalawa mobera, atsibweni atandiletsa kale, ndipo ndinalavula msangamsanga. Anali amchere, amatope, ofunda ngati otsukira mbale. Ndinadabwa kuti nsomba zimakhala bwanji m'madzi oterowo osadwala.

Kwathu ndi m'tsinde mwa phiri la Mulanje, cha ku Likhubula, kumene madzi amatsika oyera ndi ozizira mpaka mano kuwawa. Ababa anga anali munthu wocheka matabwa. Ankakwera phiri ndi sowo paphewa, kugona komweko milungu ingapo, n'kutsika atasenza thabwa la mkungudza pankhata, akuthamanga pamiyala pamene ine ndinkakwawa. Anali chimunthu, khosi ngati la ng'ombe, ndipo pamowa panalibe amene ankawaputa dala. Koma bwana amene ankawalemba ganyu anasamuka, ntchito n'kuthera pomwepo. M'nyumba munatsala makaka a chinangwa ndi nyemba za kalongonda, tsiku ndi tsiku, mpaka amayi anatopa n'kuwauza kuti apite kunyanja kwa achimwene awo akaphunzire usodzi. Ine ananditenga kuti ndikawasenzere kathumba ka ufa.

Achimwene awo a amayiwo ndiwo anali atsibweni a Dayisoni. Anali munthu wamfupi, woonda, wa mawu osasa, ndi wolongolola kwabasi. Padoko ankadziwika ndi ntchito imene asodzi ena onse ankaikana, yotenga anthu osadziwa nyanja. Wina watopa ndi kuthyola tiyi kuesiteti akufuna kuyamba usodzi, wina ndi mphunzitsi ali patchuthi akungofuna kukakoka nsomba ndi manja ake, onsewo ankawatumiza kwa atsibweni. Anzawo ankati mlendo amagubuduza bwato ndipo amasanzira nsomba. Iwo ankangoseka. N'chifukwa chake doko lonse linkawatchula kuti Ahedi, ngati mphunzitsi wamkulu wa pasukulu.

Masiku amenewo Phalombe anali adakali m'boma la Mulanje. Tinakwera lole ya chimanga mpaka kumeneko, anyamata a chipani n'kutitsitsa panjira kuti aone makadi a chipanicho. Ababa anatulutsa yawo m'chipewa, mmene ankaisunga nthawi zonse. Kotsalako tinayenda wapansi m'dambo lopanda mtengo ndi umodzi womwe, phiri lathu likucheperachepera kumbuyo.

M'mawa mwake atsibweni anatiimika pafupi ndi bwato n'kuyamba sukulu yawo. Anati m'bwato saimirira pokhapokha iwo atanena. Madzi a m'nyanja samwa. Mluzu saimba, chifukwa umaitana mphepo. Mlamba saugwira m'mbali mwa mutu poti uli ndi minga yoti ikakubaya sugona. Bwato likagubuduzika osathamangira kusambira, uyambe wapondaponda, mwina madziwo akulekeza m'chiuno. Anayankhula mpaka dzuwa linayamba kutentha pamsana, ababa akuyasamula mosabisa.

“Alamu, kodi tabwera kudzapha nsomba kapena kusukulu ya kwacha?”

Atsibweni anangoti mudzandithokoza, n'kutilozera pokhala.

Titangochoka padoko ndinaona chinthu chimene sindinachionepo. Ababa anga, munthu woyenda m'mphepete mwa phompho thabwa lili pamutu, anagwira m'mbali mwa bwato ndi manja onse awiri, thukuta lili kamukamu. Ndinaseka chamumtima, poti poyera sindikanayerekeza. Atsibweni anaima kumbuyo akukankha bwato ndi nsungwi yaitali, n'kutilowetsa m'tinjira ta madzi pakati pa njedza, udzu wautali wa m'nyanjamo umene umabisa munthu ngakhale ataimirira. Tinadutsa zimbowera, timisasa ta asodzi toyandama paudzu, tikufuka utsi wowambira nsomba. Udzudzu unkaluma masanasana. Mbalame zinkadzuka mwa chigulu ndi phokoso loti ababa ankadzidzimuka nalo.

Titafika pamalo awo, atsibweni anatisonyeza katcheredwe ka mono. Anatisonyeza koyang'anitsa kamwa lake, poika kambulunga ka gaga kokopera nsomba, ndi mmene amamangira mfundo panjedza pamwamba pake kuti adzauzindikire. Anati msodzi aliyense ali ndi mfundo yakeyake. Ananena zimenezo basi, n'kupitiriza zina. Kenako anatsikira m'madzi olekeza pachifuwa, nati mono wawo wina unakodwa kuseri kwa udzu kumene bwato silingalowe, tiwadikire pomwepo.

Sitinadziwe kuti bwato silidikira. Kamphepo kankatikankha pang'onopang'ono mpaka tinapezeka m'kanjira kena. Pamenepo ababa anaona njedza zikugwedezeka, napisa dzanja, n'kutulutsa mono wodzaza milamba mothinana moti ina inali itayamba kale kufa.

Apa ndiyenera kufotokoza za kuphiri, kuopa mungawayese wakuba ababa anga. Kuphiri kuli malamulo ake. Ukapeza gwape wakodwa mumsampha wa mnzako, sumusiya kuti awole kapena adyedwe ndi nyalugwe. Umamupha, kudulako mwendo umodzi, yotsalayo n'kuipachika mumtengo, msampha n'kuutcheranso. Mwini wake akamva kuti unali iwe amakuthokoza, mwina kukugulira chipanda cha mowa. Ababa anakula akuchita zimenezo, ndipo kwa iwo munthu wodutsa msampha wa mnzake osaukhudza ndiye anali woipa mtima. Choncho anasankhamo milamba yofookayo, yotsalayo n'kuibwezera, mono n'kuukhazika bwinobwino mmene atsibweni anatiphunzitsira. Anamwetulira koyamba chichokere kumtunda, nandiuza kuti nanga si ndiwo zapezeka tisanakhetse thukuta.

Mabwato awiri anatulukira m'njedza mopanda phokoso, limodzi kutsogolo lina kumbuyo kwathu. Munali amuna asanu kapena asanu ndi mmodzi. Ndinamva pambuyo pake kuti panali patapita milungu wina akuwakhuthulira miono, ndipo tsiku limenelo anabisala chiyambire m'bandakucha. Wamkulu wawo anali a Matiyasi, mwini wa mono uja, munthu wa maso ofiira ndi utsi. Sanapereke moni. Anayang'ana milamba ili phiriphiri pamapazi athu, n'kufunsa ine, poti amati mwana sanama.

“Iwe, watsegula mono ndani?”

Ine ndinayankha monyada, ndikuganiza kuti abwera kudzathokoza. “Ababa. Koma atengako gawo la wopeza basi, ina yonse akubwezerani.”

Palibe amene anaseka. Nkhafi inachokera kumbuyo n'kuwapeza ababa pakhutu, ndipo magazi anathovokera pamalaya anga. Ababa sanali munthu womenyedwa kawiri. Anaigwira nkhafiyo, kumukoka mwini wake ngati mwana, kumudinda chibakera pakamwa mano n'kuwuluka. Koma kuti achite zimenezo anaimirira, ndipo bwato linagubuduzika.

Pamtunda akanawamwaza onsewo, ndikulumbira. Koma pansi pa Chilwa pali matope ogwira ngati ulimbo, ndipo miyendo ija yokwera phiri inamira mpaka m'mawondo. Anawadumphira onse pamodzi. Wina anawakwera pamsana, wina anawapinda mkono, a Matiyasi n'kuwagwira tsitsi n'kuwakanikizira mutu m'madzi. Ine ndinakangamira njedza, masamba ake akundicheka m'manja, mchere ukulowa m'mabalamo. Ndinkaona thovu likutuluka pamene panali nkhope ya ababa. Anawadzutsa akusanza matope akuda, asanapume n'komwe n'kuwamizanso. Mnyamata wothyoka mano uja ankawaponda m'nthiti pansi pa madzi uku akulavula magazi. Wina anati wakuba miono sapita naye kukhoti ku Boma, nyanjayi ili ndi matope okwanira. Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Ndinadziwa ndithu kuti ababa akufa ine ndikuona.

Atsibweni anatulukira akupalasa madzi ndi chifuwa. Munthu wolongolola uja sanakuwe. Anaima pafupi n'kufunsa ngati akufunsa mtengo wa matemba.

“Matiyasi, munthu ameneyo wabwera m'bwato la ndani?”

A Matiyasi anadzutsa mutu wa ababa koma osausiya. Anati Ahedi achoke, nkhaniyi si yawo, onse aona amene wapisa dzanja.

“Bwato ndi langa, mlendo ndi wanga. Zonse ndinamuuza, ichi chokha sindinamuuze. Ndiye mukumiziranji mlendo mwini bwato ndilipo?”

Panyanjapo aliyense ankadziwa kuti wobweretsa mlendo ndiye amayankha zimene mlendoyo wachita pamadzi, ndipo aliyense ankadziwanso kuti mlandu wa mono umalipidwa ndi dzanja. A Matiyasi anakulira limodzi ndi atsibweni. Anayang'ana kumbali, koma anyamata aja anali atalawa kale magazi, ndipo sakanabwerera kuzimbowera chimanjamanja. Atsibweni anaika okha dzanja lawo lamanja pamsana pa bwato logubuduzikalo, natambasula zala.

“Jailosi, tsinzina,” anandiuza.

Sindinatsinzine. Mnyamata wa mano uja anatembenuza nkhafi kuti imenye ndi m'mphepete, n'kuitsitsa ndi mphamvu zake zonse. Zinamveka ngati makaka ouma akuthyoka mumtondo. Anamenyanso, n'kumenyanso, mpaka a Matiyasi anamugwira mkono. Atsibweni sanalire ngati munthu. Anatulutsa kamawu kakang'ono ka pakhosi, madzi owazungulira n'kufiira. Ababa, amene anali atatsamira njedza akupuma mwabefu, anabangula ngati ng'ombe yophedwa.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chimene amuna aja anachita pambuyo pake. Anatitembenuzira bwato mwaulemu, kulikapa madzi, kuwakweza atsibweni mosamala. Kenako a Matiyasi anatsegula mono uja, kutapamo milamba n'kuiponya pamapazi athu, nati tidye poti talipira. Analowa m'njedza mmene anatulukira.

Wopalasa panalibe wina koma ababa. Anaima kumbuyo khutu likuchucha, n'kugwira nsungwi koyamba m'moyo wawo. Bwato linkangozungulira pamodzimodzi. Anali akulira poyera, chimunthu chonse chija, mamina ndi matope pamodzi. Atsibweni anagona chagada, dzanja litakulungidwa m'malaya anga, milomo itatuwa, koma sukulu yawo sanatseke.

“Nsungwi kumbuyo, alamu, osati kumbali. Kankhani, muisiye itsale, kenako kokani. Eya, choncho.”

Anawaphunzitsa njira yonse mpaka padoko. Pamenepo ababa anawabereka kumsana n'kuyamba kuthamanga nawo m'dambo muja kulowera kuchipatala cha mishoni, ine ndikutsatira wopanda malaya. Kuchipatalako atsibweni anauza anamwino kuti dzanja linapanikizika pakati pa mabwato. Ababa ankafuna kupita kupolisi, ndipo atakanizidwa anafuna kubwerera ndi chikwanje. Atsibweni anakana zonse ziwiri. Anati apolisi akabwera adzakokolola doko lonse, olakwa ndi osalakwa omwe, ndipo masiku amenewo munthu wotengedwa sankabwera msanga. Za chikwanjezo anati ndiye kuti dzanja lawo lapita pachabe.

Dzanjalo linapola, koma linapola lopindika, zala zitakhwinyatira mkati ngati phazi la nkhuku yowamba. Nsungwi silinagwirenso. Amayi atamva, anatha miyezi akuwapakulira ababa chakudya osawayang'ana kumaso. Miono ya a Matiyasi inapitiriza kubedwa ngati kale, chifukwa wakuba weniweniyo sanagwidwe konse. Anthu ena amati amenewo anali malamulo a panyanja ndipo ankasunga mtendere. Ine ndimati inali nkhanza, ndipo a Matiyasi anamwalira ndisanawapatsepo moni.

Ababa sanakwerenso phiri. Tinasamukira kunyanja tonse, ndipo iwo anakhala wopalasa bwato la atsibweni mpaka imvi zinatuluka. Mlamba sanaudyenso.

Lero ndili ndi shedi ya ukalipentala pa Chonde, ku Mulanje konko, ndipo chaka chilichonse makolo amandibweretsera ana awo kuti ndiwaphunzitse ntchito. Tsiku loyamba sindiwapatsa chipangizo chilichonse. Ndimawaimika n'kuwauza zinthu zooneka zopusa: chida cha mnzako sukhudza usanapemphe, thabwa la kasitomala sudulako ngakhale kachidutswa koti likatayidwe, makina akamalira suchotsa utuchi ndi dzanja ngati ukusesa pakhomo pa amako. Amayasamula ndithu, ena amaseka, amati mdalayu amalongolola. Ndimawasiya aseke. Ndinazindikira mochedwa kuti mlendo sabwera wopanda kanthu m'mutu. Amabwera ndi malamulo a kwawo, ndipo chimene chimamupweteka kawirikawiri si chimene sachidziwa, koma chabwino chimene anaphunzira kwina. Chinthu chimene ukuganiza kuti aliyense amachidziwa, chimenecho ndicho uyenera kuyamba kumuuza, chifukwa ukachidumpha pali wina amene adzachilipire ndi thupi lake.

Atsibweni sanasiye kutenga alendo. Ndinkawaona m'mawa padoko atawaimika pafupi ndi bwato, ababa ali kumbuyo atagwira nsungwi, nkhope itazolika. Za mluzu ndi za minga ya mlamba zinkabwera pambuyo. Poyamba ankakweza dzanja lija m'mwamba, kulitembenuza kuti aliyense alione bwino, n'kunena kuti: “Mono wa mwini sakhudza, ngakhale nsomba zikuwoleramo. Ndakuuzani.”